Nyumba zakale za kanema nazonso ndi mbiri yathu

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga pa tsamba lanu ndiyankhule nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima kwa kanthawi ndithu. Ine ndi mwana wa ku Ndirande koma pano ndili kuno ku Joni, ndimasoka zovala, ndipo komwe ndimachita lendi ndi kufupi ndi Mofolo ku Soweto. Kumeneku kuli malo omwe aliyense amawadziwa, dzina lake Eyethu. Ukakwera taxi ukangoti Eyethu dalaivala safunsanso kawiri. Inali nyumba ya kanema, anatsegula mu 1969 ndi bambo wina wa bizinesi Ephraim Tshabalala, yemwe patsogolo pake anadzakhala meya wa Soweto. Nthawi imeneyo tsankho lili pa chimake, munthu wakuda samaloledwa kulowa m'makanema a azungu m'tauni, ndiye Eyethu ndi komwe anthu a mu lokeshoni amapita atatchena, kukaonera mafilimu komanso oyimba. Dzina lenilenilo limatanthauza kuti yathu.

Ine ndinaipeza itatseka kale, chinyumba chili bwinja, penti atasuluka, mawindo a kutsogolo ataphwanyika. Koma itamveka mbiri yoti akufuna kugumula amangepo mashopu, anthu anakwiya zedi, agogo omwe amayenda ndi ndodo kumayankhula ngati wina akufuna kufukula manda a kwawo. Pano pali shopping centre yomwe ikutchedwabe Eyethu, ndipo mbali ina ya nyumba yakale ija anaisiya ngati holo yokumbukira mbiri yake. Ena sanakhutire, amati zambiri zinapita, ndipo ine ndikuwamvetsa. Komabe china chake chinatsala chifukwa anthu anapanga phokoso. M'tauni ya Johannesburg momwemu munali ina yaikulu kwambiri, Colosseum, ya mu 1933, imeneyo anaigwetsa mu 1985 ngakhale anthu anakana, lero ukadutsa pa Commissioner Street palibe chokuuza kuti anthu ankaima pa mzere pamenepo.

Tsiku lililonse ndikamadutsa pa Eyethu maganizo anga amathawira kumudzi. Ndimakumbukira Apollo ya m'tauni ya Blantyre, ndimakumbukira Rainbow ya ku Limbe. Ana a masiku ano mukawatchulira mayina amenewa amangokuyang'anani, ndipo sindiwada, palibe anawauzapo.

Akonzi, anthu amaiwala kuti Malawi tinakhala opanda TV yathu mpaka 1999 pomwe TVM inayamba. Ndiye tangoganizani, zaka zonse za ulamuliro wa a Kamuzu munthu wamba chithunzi choyenda amachionera kuti? Kumudzi kumabwera galimoto ya boma ija yokhala ndi zimkuzamawu, kukhoma chinsalu pa bwalo la sukulu usiku, mudzi onse kukhamukira konko. Ife a m'tauni kwathu kunali ku kanema, akuluakulu ankati ku bayisikopo. Ine ndinkayamba kusunga matambala kuyambira lolemba, kutunga madzi, kunyamulira azimayi katundu pa msika, kuti loweruka likamakwana ndikhale ndi ya tikiti, ndipo kuchoka ku Ndirande kupita m'tauni timayenda wapansi gulu la anyamata chifukwa ukakwera basi ndiye kuti ya tikiti yaperewera. Kufika pa khomo mzere utafika uko, ena atavala masuti ndi zibwenzi zawo, ife tili ndi makabudula a yunifomu koma mapazi titapaka mafuta bwinobwino. Ukalowa mkatimo kunja kuli dzuwa la phwee koma umo muli mdima wa ndiweyani, bambo wa tochi kumakulozera pokhala, kenako kuwala kuja kumachokera pa kabowo kumbuyo kudutsa pamwamba pa mitu yathu, fumbi likuoneka kuvina m'menemo. Filimu ikaduka pakati holo yonse likhweru mpaka akonze. Ekita akayamba kubwezera adani ake tonse kuimirira, kukuwa, munthu osamudziwa kumakugwira pa phewa ngati m'bale wako. Mawu oti ekita safa aja anthu amanena mpaka lero, ife tinawaphunzirira m'menemo.

Komanso panali lumo la a censorship. Lamulo lawo linabwera mu 1968, ndipo filimu iliyonse imayenera kudutsa kaye m'manja mwawo. Mumaona mwamuna ndi mkazi akuyandikizana nkhope, mwadzidzidzi kwacha ali pa msewu akuyenda, holo yonse imadziwa kuti apa adula koma palibe amayankhula mokweza, nthawi imeneyo pakamwa timasamala napo. Imeneyinso ndi mbiri ya dziko lathu, ndipo inachitikira mkati mwa makoma amenewo. Mwana wa sekondale akamaphunzira za nthawi ya chipani chimodzi, bwanji osamutengera mu holo momwemo, akhale pa mpando, amuuze kuti apa ndi pomwe agogo ako amaonera dziko la kunja koma litadulidwadulidwa?

Lolemba ku sukulu amene wapita ku kanema amakhala mfumu. Timamuzungulira pa buleki afotokoze filimu yonse ndi zibakera zomwe, mwina Chingerezi sanamve ngakhale theka, za Chimwenye ndiye osanena, koma amapeka yekha zomwe amayankhulazo ndipo zimakoma kuposa zenizenizo. Ndikamaona anyamata omwe amaika mawu a Chichewa m'mafilimu a kunja masiku ano ndimati ntchito imeneyi tinaiyamba ndife pansi pa mtengo.

Zomwe zinapha makanemawa tonse tikuzidziwa. Kunabwera ma video show m'makwalala, kachipinda ka mabenchi ndi sikirini imodzi, mtengo wotsika komanso pafupi ndi kunyumba. Kwacha inayamba kugwa kwambiri kuchokera mu 1994, kuitanitsa filimu kunja kukhala kodula. Kenako TV, ma DVD, pano aliyense kanema ali mu foni. Sindikunena kuti tibwerere m'mbuyo ayi, inenso ndimaonera pa foni ndikaweruka. Nkhani yanga ndi ya nyumbazo.

Ku Malawi tikati nyumba ya mbiri timathamangira Mandala House ya mu 1882, kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe anamaliza mu 1891, kapena holo yakale ija ya mu Victoria Avenue. Ndi zabwino ndithu ndipo zisamalidwe, ine St Michael's ndimaikonda, ndikapita kumudzi sindilephera kukaiona. Koma taonani, zonsezi zikukamba za amishoni, makampani a azungu ndi boma la atsamunda. Nanga ife eni tauni, makolo athu omwe anabwera kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi m'mashopu, komwe amakasangalala akalandira malipiro, komwe ena anakumanirana mpaka kumanga banja, zimenezo si mbiri? Kwa ine nyumba siikhala ya mtengo wapatali chifukwa choti inamangidwa ndi mzungu zaka za m'ma 1800 basi. Nyumba yomwe anthu masauzande analowamo, kuseka ndi kulira limodzi, Amalawi, Amwenye, makalaliki, ma house boy, ana a sukulu, imeneyo yasunga moyo wa tauni kuposa ofesi ya bwanamkubwa.

Ndipo kamangidwe kake nkosowa. Nyumba ya kanema simangidwa ngati golosale. Pansi pamakhala potsetsereka kuti wa kumbuyo aone, denga lalitali lopanda nsanamira pakati, makoma opanda mawindo, kachipinda ka pulojekita m'mwamba ndi timabowo take, kawindo kogulitsira matikiti pa khomo. Wina akangothira simenti kusalaza pansi paja nkudula holoyo m'tizipinda ta ma hardware ndi ma salon, ndiye kuti yatha ngakhale makoma akunja ataima. Nchifukwa chake ine sindidandaula mpingo ukamachita lendi nyumba yotere, mpingo umafuna holo ikhale momwe ilili, anthu kuyang'ana kutsogolo, ndiye imapulumuka. Choopsa ndi bulldozer ndi ma partition.

Ku Asmara ku Eritrea kuli Cinema Impero ya mu 1937, inamangidwa nthawi ya atsamunda a ku Italy koma eni dziko sanaigwetse, ndipo mzinda umenewu UNESCO inauika pa mndandanda wa malo a mbiri a dziko lonse mu 2017. Eritrea si dziko lolemera. Ndiye tisamanene kuti umphawi ndi umene ukutilepheretsa.

Chomwe chimandiopsa ndi nkhani ya red star ija, khonsolo ikamalemba nyenyezi yofiira pa nyumba zakale kuti eni ake agumule kapena akonze. Ndikumvetsa, pali zinyumba zina zoopsa zoti zitha kugwera anthu, ndipo tauni ikuyenera kuoneka bwino. Koma asanalembe nyenyeziyo bwenzi atafunsa kaye kuti kodi nyumba iyi inali chani. Lamulo lilipo, la Monuments and Relics Act, limapereka mphamvu zoteteza nyumba zotere, ndipo dipatimenti yoona za ma museum ndi ma monument ilipo. Pempho langa kwa iwowa ndi loti ayende mu Blantyre, Limbe, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, alembe nyumba iliyonse yomwe inakhalapo ya kanema ndipo idakaima, ajambule zithunzi, akhale pansi ndi eni ake. Eni akewo ndi anthu a bizinesi, sungangowauza kuti musakhudze koma osawapatsa kalikonse, ndiye mwina khonsolo iwachotsereko ma city rates ngati avomera kusunga kumaso kwa nyumbayo ndi holo yake. Ngakhale kachikwangwani ka chitsulo pa khoma kolemba dzina la kanemayo ndi zaka zake, kangadye ndalama zingati?

Komanso achinyamata athu akupanga mafilimu masiku ano, ena abwino kwabasi, koma pokhazikitsa amakachita hayala holo ya hotela yodula pomwe munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe sangapondeko. Bungwe la opanga mafilimu litatenga holo imodzi yokha yakale nkuikonza, masana ana a sukulu, madzulo filimu ya Chichewa, tsiku lina zisudzo, lamulungu mpingo uzilipira lendi, ine ndikukhulupirira kuti itha kumadziyendetsa yokha. Ife tili kunja kuno timasonkherana za maliro mwezi ndi mwezi osalephera, za izi titha kusonkhanso, ine ndikhala woyamba.

Kwa inu akonzi, chonde tumizani mtolankhani wanu akafufuze madala omwe ankagwira ntchito m'makanemawa, oyendetsa pulojekita, ogulitsa matikiti, a tochi aja. Ndi okalamba tsopano ndipo akutha mmodzimmodzi. Awajambule mawu, afunse ngati ena anasunga matikiti, ma poster kapena zithunzi m'masutikesi mwawo. Ine ndikubwera kumudzi Disembala, ndili ndi mdzukulu wa zaka 12 ku Ndirande, ndamulonjeza kuti tidzayenda wapansi mpaka m'tauni njira yomwe ija ndinkadutsa, ndikamuonetse pomwe tinkaima pa mzere.

Ine wanu,
Mwana wa ku Ndirande,
Soweto, Johannesburg