Asabwereze zomwe adakhoza kale

Akonzi,

Mwana wa mchemwali wanga adaphunzira zaka ziwiri payunivesite ina yovomerezeka. Ndalama za lendi zitavuta, adasamukira ina yapafupi ndi kwawo. Kumeneko amuuza kuti ayambirenso chaka choyamba, ngakhale phunziro la Chingerezi ndi kalembedwe lomwe adakhoza bwinobwino. Fizi ya zaka ziwiri zija, yochokera m'matumba a soya, ingopita padera?

Bungwe la NCHE ndilo limavomereza mayunivesite, komanso limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita kumayunivesite aboma. Ngati lavomereza sukulu zonse ziwiri, likhazikitse ndondomeko yoti maphunziro omwe munthu wakhoza azimutsata akasamuka. Pomwe pali chikayiko, amulembetse mayeso oona pomwe wafika, osati kumutenga ngati wangolemba kumene MSCE.

Kholo lodandaula,
Mchinji