Phwando la banja lisamagwere munthu mmodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono mu nyuzi yanuyi poti Khirisimasi yayandikira ndipo ndikudziwa kuti alipo amayi ambiri amene tulo tayamba kale kuwathawa ngati ine. M'banja mwathu pa 25 Disembala timadyera pamodzi tonse, ana, zidzukulu, azakhali, amalume, alamu, asuweni omwe chaka chonse sitionana. Kale tinkakumana kwa agogo athu aakazi koma atamwalira ntchitoyi inangogwera ine, panalibe msonkhano, palibe anandifunsa, anthu anangoyamba kunena kuti chaka chino tikumana kwa achemwali, basi zinakhazikika choncho mpaka lero.

Chaka chatha tinalipo anthu 31. Ndikudziwa chifukwa mbale zake ndinatsuka ndine.

Tili ndi gulu la banja pa WhatsApp. Ndikalemba kuti abale tsiku lija layandikira, foni imalira usiku wonse, tibwera, tibwera, ena mpaka kufunsa ngati angabwere ndi mnzawo. Koma ndingofunsa kuti nanga ndani abwera ndi chiyani, ndani afike dzulo lake adzandithandize, gulu lonse zii. Timizere tija timasanduka tabuluu kusonyeza kuti onse awerenga koma woyankha palibe. Ndiye pa tsikulo ine 4 koloko m'mawa ndadzuka kale, mipando yobwereka ndakonza, miphika ili pamoto, alendo akamafika masana atatchena ine ndili thukuta kamukamu kukhitchini, moni ndimaperekera pazenera. Kenako azakhali ena amalawa ndiwo n'kunena kuti zakoma koma sizikufika pa za amayi aja. Ndimangoseka, nanga nditani.

Kutopako ndikanapirira. Chimene chandipangitsa kulemba ndi china. Agogo anali ndi kachitidwe kawo, tisanadye ankaimitsa mwana aliyense, anene dzina lake ndi la makolo ake, kenako iwo n'kulumikiza, uyu ndi mdzukulu wa uje, uje anali mlongo wake wa uje, mpaka aliyense adziwe kuti amene wakhala naye pafupiyo ndi ndani wake. Ife tili ana tinkaona ngati akutichedwetsa kudya. Chimwalirire agogo zimenezi sizinachitikenso ngakhale kamodzi, chifukwa amene amakumbukirako bwino ndondomeko yake ndi ine ndipo nthawi imeneyo ndimakhala ndikupakula. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anakhala pa sofa imodzi ndi mnyamata wina pafupifupi ola lathunthu, aliyense maso pa foni, alendo atapita akundifunsa kuti amayi, mnyamata wa jekete lofiira uja ndi ndani? Msuweni wake weniweni, mwana wa mlongo wa bambo ake. Ndinakhala pansi osayankha kaye. Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikusunga chiyani, mwambo kapena miphika?

Nditanena kuti tizisinthana nyumba komanso tizigawana ntchito, amalume athu anakana kuti mwambo sasintha, tsiku ndi lomwelo, nyumba ndi imodzi. Ndimawalemekeza koma apa sindikugwirizana nawo. Tsikulo silinagwe kumwamba. Zolembedwa zakale kwambiri zosonyeza Akhristu akukumbukira kubadwa kwa Yesu pa 25 Disembala ndi za ku Rome m'chaka cha 336, ndipo mpaka lero Akhristu a Orthodox ku Ethiopia ndi ku Russia amachita pa 7 Januwale. Anzathu Achisilamu Eid yawo imasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse poti amatsata mwezi, koma mabanja awo amakumanabe. Ngakhale a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu pangano lawo la 2003 loteteza miyambo anavomereza kuti mwambo umapita ku m'badwo wina kuchoka ku wina ndipo eni ake amaukonzanso malinga ndi nthawi. Nyumba ya agogo yomweyo si tinaisintha kale pamene anamwalira? Palibe anadandaula poti wophika anapezeka.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chimene tinacheza kwambiri ndi 2020, chaka chimene sitinakumane n'komwe. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, atalengeza pa 11 Malichi kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, ife pofika Disembala tinagwirizana kuti aliyense adyere kwake tingoimbirana pa vidiyo. Nthawi imeneyo WhatsApp inkalola anthu 8 okha pa kolo imodzi ndiye banja lililonse linaunjikana pa foni imodzi. Amalume omwewa anaika foni kukhutu ngati akuimba wamba, mphindi khumi zonse tinkangoona khutu lawo, ana anaseka mpaka misozi. Netiweki inkadukaduka, nkhope zikuuma pakati pa chiganizo, koma tinacheza maola awiri, azakhali aakulu anafotokoza momwe makolo awo anakumanirana, nkhani imene ine ndi ukulu wangawu ndinali ndisanaimvepo. Ndinaimva chifukwa tsiku limenelo ndinali nditakhala pansi.

Palinso nkhani ya zotsala, izi ndinene poti zinandionekera. Munthu mmodzi akaphikira khamu n'kutsukanso yekha, chakudya chotsala chimangokhala patebulo mpaka usiku. Alangizi a zaumoyo a WHO amati chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2, chilowe mufiliji yozizira pansi pa madigiri 5 ndipo potenthetsanso chitenthe ndithu mpaka m'kati. Ine ndinkadziwa zimenezi koma chaka china ndinagona pampando nsapato zili kuphazi, m'mawa tiana tiwiri tinadya zotsalazo, madzulo m'mimba mwayamba. Anachira, koma mayi awo anandiyang'ana ngati ndinachita dala.

Chaka chino ndalemba kale pagulu paja, ndipo sindinapemphe, ndangouza anthu. Banja lililonse libwere ndi mphika wake wophikaphika. Achinyamata onse, anyamata ndi atsikana omwe, afike dzulo lake, ndiwaonetse mmene agogo ankaphikira poti iwo sankayeza ndi kapu, ankayeza ndi dzanja ndi mphuno, ndipo zimenezo sungalembere munthu pa meseji, mpaka aime pambali pako aone. Mbale atsuka azibambo, sindikuona chimene chingawathyoke. Ndipo tisanadye ana onse aimirira mmodzimmodzi ngati kale, azakhali aakulu ndi amene azilumikiza mayina, mwana wanga uja ndamuuza kuti ajambule mawu awo pafoni kuchokera poyamba mpaka pomaliza, foni imene imamulepheretsa kudziwa msuweni wake igwireko ntchito.

Azakhali avomera ndi chimwemwe, akuti ayamba kale kukumbukira mayina usiku akagona ndipo ena awiri akuwasowa. Alamu anga awiri ati abwera ndi miphika koma za mbalezo tikambirana. Amalume sanayankhe, koma timizere tasanduka tabuluu.

Ine wanu wowerenga,
Mayi wotopa ndi miphika