Kwa eni loji ya pa phiri la Zomba: amayi anga sanabwere kudzagulitsa nkhuni

Akuluakulu a loji ija ya pa phiri la Zomba, dzina lanu sindilitchula pano, mukudzidziwa nokha. Ndakutumizirani uthenga kawiri, ndayimbanso pa nambala imene ili pa tsamba lanu, koma patha masabata atatu muli chete. Ndiye ndalemba poyera, mwina apa muwerenga.

Ine ndine telala, ndimasoka pa khonde la sitolo ina kwa Chinamwali. Amayi anga ali ndi zaka 67. Zaka zoposa 20 za moyo wawo anazithera pa phiri limenelo, potola nkhuni. Ankadzuka tambala woyamba, nkhata ili m'manja, n'kukwera ndi anzawo kusanayere. Pofika masana amakhala akutsetsereka ndi mtolo wautali kuposa iwo eni, kukagulitsa m'tauni. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa mutu umenewo, ndipo mpaka lero khosi lawo limavuta kutembenuka kukazizira. Tinjira ta m'phirimo amatidziwa ngati njira ya ku chitsime. Mathithi amene alendo anu amakajambulitsapo, aja mumati Williams Falls, kwa iwo ndi pamene ankatula mtolo n'kumwa madzi ndi manja. Koma kukhala pa mpando pa phiri limenelo, munthu wina n'kuwabweretsera chakudya, zinali zisanachitikepo chibadwire.

Ndiye chaka chino ndinati pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, akwere phirilo ngati mlendo. Ndinayamba kuponya ku banki m'khonde mwezi wa Juni, pang'onopang'ono, mpaka zinakwana K80,000. Ndinawasokera diresi ya chitenje chatsopano ndi duku lake. Pa tsamba lanu la Facebook munalemba kuti aliyense abwere ndi mayi ake adzasangalale. Nditafunsa mtengo wa nkhomaliro munandiyankha tsiku lomwelo, koma za ndalama yolowera pa geti simunanenepo kanthu.

Galimoto tilibe, choncho tinakwera kabaza wa njinga zamoto ziwiri, ine ndi mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 pa ina, agogo ake pa inayo. Titatsika pa geti lanu mlonda sanatipatse ndi moni womwe. Anawayang'ana amayi kuyambira pa duku mpaka ku mapazi, n'kunena kuti, "Amalonda amaima panja, gogo. Ngati ndi nkhuni dzerani kuseri, ku khitchini." Amayi anangonyamula kachikwama kawo ka ku tchalitchi basi. Nkhunizo anaziona pati? Nditamuuza kuti tabwera kudzadya, anati ndiye aliyense alipire K5,000 yolowera, ndi mwana yemwe. Tili chiimire pomwepo panafika galimoto ziwiri, ina ya alendo akunja, ina ya Amalawi anzathu. Mlonda uja anathamangira kukatsekula geti, kuchita kuwaperekera sawatcha, ndipo palibe amene anafunsidwa ndi tambala imodzi yomwe. Apa m'pamene ndinadziwira kuti geti lanu limayang'ana chimene munthu wakwera. Ndinapereka K15,000 chifukwa sindikanatha kubwerera ndi amayi atavala zatsopano chonchija. Nditapempha risiti anati buku latha.

M'katimo zinali chimodzimodzi. Pa khonde, pamene munthu amaona tauni yonse ili pansi, panali matebulo anayi opanda anthu. Anatiuza kuti onsewo ena analembetsa kale, n'kutilozera pa kona pafupi ndi chitseko cha ku khitchini, pamene amaunjika mbale zodyedwa. Pasanapite nthawi panabwera banja lina, ndipo ndinamva ndi makutu anga bamboyo akufunsa ngati malo alipo, kusonyeza kuti sanalembetse. Anawatengera pa khonde pomwe paja. Ife tinadikira pafupifupi ola lathunthu chakudya chisanafike.

Chimene chikundisowetsa tulo si ndalamayo ayi. Ndi mmene amayi anakhalira. Anagwira botolo la Fanta ndi manja awiri pa miyendo, maso ali pansi, ngati munthu woyitanidwa ku bwalo la amfumu. Mayi amene kunyumba amaseka mpaka oyandikana nawo kumva, tsiku limenelo ankanong'ona. Nsima itafika anandikodola n'kuti, "Mwanawe, tidye msanga tizipita, kuno si kwathu." Mwana wanga anafunsa kuti, "Amayi, bwanji atiika kuseri?" Ndinasowa chomuyankha. Mtsikana mmodzi yekha mwa operekera zakudya ndi amene anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada, n'kuti, "Pepani agogo." Ameneyo Mulungu amudalitse.

Kuno si kwathu? Phiri la Zomba likhale losakhala kwawo kwa munthu wobadwira m'tsinde mwake? Mawu amenewa amayi sanawapeke okha. Anakula nthawi ya atsamunda, Zomba ali likulu la dziko, pamene malo ena m'tauni muno munthu wakuda ankalowamo ngati kuki kapena wotchetcha kapinga basi. Ufulu tinalandira mu 1964, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma taonani maina a pamwamba pa phiripo. Emperor's View ndi chikumbutso cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikapo mu 1965. Queen's View ndi ya banja lachifumu la ku Britain. Alendo a tsiku limodzi anasiya maina awo pa miyala, pamene amayi amene anaponda tinjira timeneto zaka ndi zaka akuuzidwabe kuti adzere kuseri.

Ndikudziwa kuti wina alemba m'munsimu kuti otola nkhuni ndi amene awononga phiri. Amayi ankatola zouma, ndipo ankadula tikiti ya a zankhalango asanatsike ndi mtolo. Amene akudziwa mmene phirilo linalili kale akudziwanso kuti mapaini athera pa macheka ndi malole a matabwa. Komanso kaya munthu anali wankhuni kaya wamakala, akabwera ndi ndalama yake kudzadya, ndi kasitomala.

Mwezi wa Seputembala uliwonse, mwezi wa zokopa alendo, timamva pa wailesi kuti "Tidziyamba ndife a Malawi." Inunso mawuwa mumawalemba pa tsamba lanu. Mu 2020 Covid-19 itaimitsa ndege, alendo akunja atasowa, munkatidandaulira ife tomwe kuti tibwere tikuthandizeni. Tiyamba bwanji ngati pa geti mukutisankha? Muzidziwa kuti kwa Mmalawi wamba ulendo ngati umenewu si wa masewera. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa a wantchito pa K90,000 pa mwezi, kwacha itangogwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene ndinasunga miyezi isanu ija ndi pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu a munthu wotero pa nthawiyo, mwina a mlonda wanu yemwe uja. Anthu ambiri a kwa Chinamwali, Matawale, Chikanda ndi Mpondabwino amaliona phirilo tsiku ndi tsiku akatuluka m'nyumba, amamwa madzi a damu la Mulunguzi, koma sanaimepo pamwamba n'kuona nyanja ya Chilwa ili nyezinyezi kum'mawa. Ana athu amaloweza m'kalasi kuti phirili ndi lalitali mamita oposa 2,000, komabe amene analikwerapo ndi owerengeka.

Kupatsa eni dziko mpata si zachilendo. Pa Liwonde National Park pomwepa Mmalawi amalipira ndalama yochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, ndipo mitengoyo ndi yodziwika kwa aliyense. Inu mwatembenuza, wosauka ndiye alipire, wa galimoto adutse ulere. Chonsecho sitiroberi ndi mabulosi zimene alendo anu amazikonda zimachokera m'manja mwa anthu omwewo amene mumawaimika panja, ndi mbatatesi zomwe.

Chonde mlonda uja musamuchotse ntchito chifukwa cha ine. Ndi mwana wa munthu wosauka ngati ine ndemwe, ndipo sindikukhulupirira kuti khalidweli analiyamba yekha. Wantchito amaonera kwa abwana ake kuti woyenera ulemu ndani. Chimene ndikupempha n'chakuti ngati pali ndalama yolowera, muyilembe pa chikwangwani pa geti ndi pa tsamba lanu, aliyense azilipira mofanana ndi kulandira risiti, kaya wabwera pa Prado kaya wapansi. Ngati ndalamayo kulibe, mundibwezere K15,000 yanga ndipo mufufuze kuti ndi angati ena analipiritsidwa chonchi. Muganizirenso tsiku limodzi pa mwezi la mtengo wotsika kwa mabanja a mu Zomba ndi ana a sukulu za pulayimale. Koma choyambirira, a manejala, mupepese kwa amayi anga. Kuwerenga Facebook satha, ndiye muyimbe foni muwayankhule m'Chichewa. Nambala yanga muli nayo m'mauthenga aja simunayankhe.

Titatuluka pa geti lanu sitinaitane kabaza nthawi yomweyo. Tinayenda wapansi mpaka pa damu la Mulunguzi, ndipo kumeneko amayi anayamba kumasuka, kumulozera mdzukulu wawo kanjira kamene ankatsikira ndi mtolo, ndi mwala umene ankapumirapo ndi anzawo. Tinagula kambale ka sitiroberi kwa mnyamata wina, tinadyera pa udzu. Titafika kunyumba anapinda diresi ija bwinobwino n'kuyiika pansi pa sutukesi. Lamlungu lapitali ndinawauza kuti ayivale ku tchalitchi, anakana.

Ndikudikira yankho lanu pompano.