Kwa achinyamata a kum'mawa kwa Zambia amene akufuna kulemba nkhani zopeka

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anyamata ndi atsikana amene akuyesa kulemba nkhani zopeka m'chinenero chathu. Alipo ambiri ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza mpaka ku Lundazi, ndipo luso ali nalo. Chimene chikupha nkhani zawo n'chakuti amayamba kuziganiza m'Chingerezi kenako n'kuziveka mawu a Chinyanja. Wowerenga amamva msanga kuti anthu a m'nkhanimo sakulankhula ngati anthu amene amawadziwa, ndipo amaisiya asanafike tsamba lachiwiri.

Ntchitoyi imayambira kukhutu. Wolemba akhale ndi kabuku kolowa m'thumba ndi bolopeni, azipita kumene anthu amanenerera mitengo ndi kukangana: pamsika wa Kapata, pachigayo, pamzere wa alimi ogulitsa chimanga, pamalire a Mwami, pakati pa anyamata a njinga zonyamula anthu. Tsiku lililonse alembe ziganizo zitatu kapena zinayi ndendende mmene zatulukira pakamwa, osazikonza. Mayi wa tomato akauzidwa kuti wadulitsa sanena kuti "mawu anu andikhumudwitsa". Amangoti, "Ndiye kathyoleni kudimba kwanu, bambo," uku akupitiriza kuunjika milu yake. Pakutha mwezi kabukuko kamakhala ndi ziganizo pafupifupi 100 zotere, ndipo anthu a m'nkhani amabadwira mmenemo.

Kuno sitilankhula mofanana tonse. Wa ku Petauke ali ndi Chinsenga chake, wa ku Lundazi Chitumbuka, wa ku Mambwe Chikunda, ndipo mnyamata wa m'tauni amati "nifuna" pamene agogo ake ku Katete amati "ndifuna". Kusiyanaku kuonekere m'zokambirana za anthu, mawu awiri atatu okha okwanira kumuzindikiritsa munthu. Mawu a wofotokoza nkhani akhale a mtundu umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pamene alembi atsopano amagwa kwambiri ndi paulemu ndi chibale. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake ngati mnzake wa pabawo. Amakhala chapatali, amayang'ana pansi, ndipo nkhani yovuta amaidutsitsa kwa ankhoswe. Pakati pa Achewa, mwini mbumba ndi malume, ndipo nkhani ya ukwati kapena maliro siyenda iwo asanamve. Pakati pa Angoni a Mpezeni pali malowolo ndipo ana ndi a kwa bambo. Wolemba akasakaniza ziwirizi m'mudzi umodzi popanda chifukwa, wowerenga wa kumudziko amasiya kumukhulupirira. N'chimodzimodzi ndi nyengo. Nc'wala, mwambo wa Angoni, imachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa February, chimanga chili chachiwisi ndipo misewu ili ndi matope. Kulamba, mwambo wa Achewa, kumachitika ku Mkaika kumapeto kwa August, kuli fumbi ndipo tchire lapsa. Munthu sangapite ku Kulamba akudya mango a pamtengo wa kwawo, ndipo anyamata sakumba mbewa mvula ili pakati. Musanalembe, dziwani mwezi umene nkhani ikuchitika ndi chimene chili m'munda mwezi umenewo.

Nkhani yaifupi isachuluke katundu. Pakhale munthu mmodzi wofuna chinthu chimodzi, ndi chomutchinga chimodzi, zonse zichitike m'masiku osapitirira atatu, ndipo anthu otchulidwa maina asapose anayi. Mwachitsanzo, mlimi wagulitsa nshawa zake, ndalama wazikulunga m'nsalu kuti akagule feteleza, ndiye usiku womwewo malume ake afika kudzanena kuti kwagwa maliro ndipo bokosi palibe. Pamenepa nkhani yakwana kale. Simufunikanso ngozi ya basi kapena mfiti yotulukira mwadzidzidzi. Iyambireni pamene malumewo akuodira pakhomo. Ambiri amataya ndime ziwiri zoyamba akufotokoza kutuluka kwa dzuwa ndi kulira kwa atambala, pamene palibe chimene chachitika. "Padangokhala" ndi "tili tonse" n'zokoma pamoto pamene womvera ali pafupi ndipo akuvomera, koma wowerenga papepala alibe womukoka dzanja.

Za chizolowezi tinene mwachidule. Sankhani nthawi imodzi, monga m'mawa musanapite kumunda kapena kuntchito, ndipo lembani mawu 300 tsiku lililonse. M'masiku asanu muli ndi nkhani ya mawu 1,500. Lekezani pamene mukudziwa chotsatira, kuti mawa musayambe ndi kuyang'ana pepala lopanda kanthu. Polemba koyamba musabwerere m'mbuyo kukakonza, chifukwa amene amakonza ndime yoyamba tsiku ndi tsiku samaliza.

Mukamaliza, ibiseni sabata ziwiri. Kenako iwerengeni mokweza, mukudzijambula mawu pafoni, ndipo mumvetsere muli ndi bolopeni m'manja. Pamene lilime lapunthwa, kawirikawiri pali Chingerezi chobisala kapena chiganizo chotalika mopitirira mpweya. Amene anamverako malemu Julius Chongo pawailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo amadziwa mphamvu ya mvekero pakamwa pa katswiri. Kunena kuti "m'nyumba munali zii" kumagwira ntchito imene ziganizo zitatu zofotokoza mantha sizingagwire. Koma mvekero ndi miyambi zili ngati mchere m'ndiwo. Mwambi umodzi kapena iwiri m'nkhani yonse ndi yokwanira, ndipo ituluke pakamwa pa munthu amene angainenedi, monga agogo kapena a nyakwawa pabwalo. Mwana wa Giredi 5 sangaponyere aphunzitsi ake mwambi. Pomaliza yang'anani ndime yotsiriza. Ngati ikuuza wowerenga phunziro limene atengepo, ifafanizeni yonse. Mlimi uja akamasula nsaluyo n'kuwerengera malume ndalama m'manja, wowerenga wamva kale zonse, ndipo kumulalikira n'kumuyesa mwana.

Palinso tizinthu timene timakwiyitsa akonzi. Posimba zakale ena amalemba "anapita", ena "adapita". Sankhani chimodzi ndipo musasinthe pakati panjira. Kalembedwe ka m'sukulu za ku Zambia, kamene kanavomerezedwa mu 1977, kamalemba "cimanga", pamene ku Malawi amalemba "chimanga". Zonse n'zovomerezeka kwawo, koma kuzisakaniza patsamba limodzi kumaonetsa kusasamala. Olemba pafoni azimitse kachipangizo kokonza mawu kokha, chifukwa kamasandutsa mawu athu kukhala a Chingerezi munthu osaona. Ndipo madzulo alionse dzitumizireni zimene mwalemba pa imelo kapena pa WhatsApp, pakuti foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo nkhani ya miyezi itatu imapita nayo.

Nkhani ikakonzedwa, ipatseni anthu awiri: mmodzi wodziwa chinenero, monga mphunzitsi wa Chinyanja, ndi wina amene sakuopani. Musawafunse ngati yakoma, chifukwa ulemu wathu sulola munthu kukana. Afunseni pamene anayamba kutopa, ndiponso munthu amene sanamukhulupirire.

Kwa inu a Mkonzi, pempho lathu ndi lakuti mupatule tsamba limodzi pamwezi la nkhani zopeka za mawu 1,000 mpaka 1,500. Mulengeze kalembedwe kamene mukufuna ndi tsiku lotsekera kulandira, ndipo amene nkhani zawo simunazitenge muziwayankha ndi mizere iwiri yonena pamene nkhaniyo yafookera, kuti akaikonze n'kuitumizanso mwezi wotsatira.

Ife okonda zolembalemba,
Chipata