Lenzi ija yakhala pabolodi

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno ku Zomba tili bwino, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri silikuoneka mpaka masana.

Katundu munapatsira mphwanu uja anafika bwinobwino, ndipo ndathokoza kwambiri. Nditamasula nsalu n'kuona lenzi ya kamera ya 150 mm ili m'shata yake (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya kuwala pojambula) ya saizi ya Copal 0, ndinaitchera, n'kuiika pa sekondi imodzi, n'kumvetsera kulira kwake kangapo konse. Ikuyenda bwino. Kuti ifike pa kamera ndiye panali nkhani, ndipo ndifuna ndikufotokozereni chifukwa inu ndi amene mungamvetse.

Bolodi (kathabwa kakutsogolo kwa kamera komangapo lenzi) imene ndinali nayo ndi ya shata yokulirapo ya Copal 1, bowo lake ndi la mamilimita pafupifupi 42, pamene Copal 0 imafuna bowo la 34.6. Shata inkangogwedera m'menemo. Ndinapita kwa kalipentala wina ku Chinamwali ndi bolodi yakale ija ngati chitsanzo, iye anandidulira ina pa kathabwa ka mlombwa wouma bwino, n'kuboola bowo la mamilimita 35. Kusiyana kwakung'onoko sikuvuta, chifukwa mphete yomangira kumbuyo ili ndi kamlomo kamene kamalowa m'bowo n'kukhazika shata pakati. Koma thabwa linali lochindikala, mazinga a shata sankatulukira kumbuyo mokwanira kuti mphete igwire. Bambo aja anachita kusema mozungulira bowo, chakumbuyo, mpaka mazinga anaonekera. Anagwira mosamala ngati akukonza chitseko cha tchalitchi, ndipo ndalama imene anatchula ndinaona kuti ndi yochepa, ndinawonjezera.

Madzulo ndinayala nsalu yoyera patebulo, n'kumasula chigawo chakumbuyo cha lenzi. Apa mpamene mtima unadumpha: panagwa kamphete kachitsulo kopyapyala ngati pepala. Ndikanapanda nsalu ija, bwenzi kataloŵa pansi pa kabati. Timphete totere amatiika kufakitale kuti mtunda wa pakati pa magalasi akutsogolo ndi akumbuyo ukhale wolondola, ndiye ndinakasunga m'kabokosi ka machesi mpaka nthawi yobwezera.

Sipanala ya mano awiri yomangira mphete yogwira shata ija ndilibe. Ndinakhoma misomali iwiri pa kamtengo motalikirana ngati mipata ya pa mphete, n'kuiphwatalitsa nsonga ndi tupa. Imagwira, koma ndikanati ndiyese galasi lakumbuyo lili pomwepo, kuterereka kumodzi kukanalikala mpaka kalekale.

Ndinamanga, ndinabwezera zonse, m'mawa ndinaloza kamera pakhoma la njerwa kuseri kwa nyumba. Kumanzere kwa galasi loonera lakumbuyo kwa kamera, njerwa zinali zakuthwa, kumanja mbuu. Ndinayamba kukayikira lenzi, ndipo ndisabise, ndinaganiza kuti wogulitsa uja anakupusitsani. Nditaichotsa n'kuyang'ana cham'mbali pawindo, ndinaona kuwala kukudutsa pakati pa shata ndi bolodi mbali imodzi. Kumsana kwa shata kuli kabawuti kakang'ono kotuluka, kochepa ngati njere ya mawere, kamene ntchito yake ndi kuletsa shata kuzungulira. Kanali katatsamira pathabwa n'kupendeketsa lenzi yonse, mpaka kanasiya chidindo pamlombwa. Ena amangokamasula n'kukachotsa. Ine sindinafune, chifukwa potchera shata dzanja limakankha, ndipo pakapita nthawi imayamba kutembenuka. Ndinasankha kaye mmene shata ikhalire, kuti manambala a liwiro ndiziwaona ndili pambali ndipo polowera chingwe chojambulira pasatsekedwe ndi loko wa bolodi. Kenaka ndinapala kampata ndi tupa pomwe kabawutiko kagwere. Shata inakhala phwatata. Mphete ndinaimanga mpaka kusiya kugwedera basi, osapitirira, poopa kupana thupi la shata.

Kumbuyo kwa bolodi ndinapakako penti wakuda wosanyezimira. Usiku magetsi atazima ndinapezerapo mwayi: ndinatseka shata, ndinalowetsa tochi m'mvukuto wa kamera, n'kuzungulira ndikuyang'ana. Sipanatuluke kuwala ngakhale kadontho.

Loweruka kunacha bwino, ndinakwera nayo mpaka ku Emperor's View. Nditafunda nsalu yakuda, Mulanje anaoneka chozondoka pagalasi, wakuthwa kuchokera ngodya mpaka ngodya, nyanja ya Chilwa ikuyera pambali. Ana ogulitsa zipatso anasinthana kusuzumira, wina anafunsa ngati phiri lizikhala chadodolido ngakhale pachithunzi. Ndinakumbukira tsiku lija tinakwera wapansi kudzera ku damu la Mulunguzi, inu mutanyamula kamera ya bambo anu m'chikwama cha sukulu.

Filimu ya saizi ya mainchesi 4x5 yanditsalira mapepala asanu ndi limodzi okha. Akamabwera wina mu Disembala, mundipatsire bokosi limodzi la yakuda ndi yoyera, ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, chifukwa chinyezi cha kuno chimabala chuku m'magalasi. Chithunzi choyamba chikatsukidwa ndi chanu.

Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzanu wa ku Matawale.