Matailosi kapena ana? Tagawikana pa chuma cha masika

Zikomo Alangizi,

Ndikulemba m'malo mwa kagulu ka akulu ampingo kamene bwalo la mpingo linasankha kuti kakonze kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha mpingo wathu kwa zaka 5 zikubwerazi. Mpingowu ndi wakumudzi, uli ndi milaga (nthambi za mpingo) 6, ndipo chuma chooneka chimalowa kamodzi pachaka, nthawi ya masika. Chakhumi ndi chopereka cha Lamulungu zimathera malipiro a abusa ndi gawo lopita ku likulu.

Kagulu kathu kagawikana pawiri. Ena akuti masika onse apite ku tchalitchi: matailosi, siling'i, mpanda wanjerwa ndi zokuzira mawu. Enafe tikuti pa matumba 10 aliwonse a chimanga, matumba 3 azipatulidwa kaamba ka Sande sukulu, kalasi (maphunziro a ofuna kulowa mpingo) ndi achinyamata, ndipo asamakhudzidwe ngakhale zitavuta chotani.

Anzathu a chitukuko sakulankhula zopanda mutu. Amatchula tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, n'kunena kuti chikulalikabe mpaka lero. Amanenanso chinthu chimene aliyense wosunga thumba la mpingo akuchidziwa: munthu amapereka msanga akamva kuti ndalama yake igula matumba a simenti, chifukwa khoma aliona ndi maso, pamene mwana wa zaka 7 amene waphunzitsidwa lero zipatso zake zidzaoneka woperekayo mwina ali kuli chete. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero. Ife timayankha kuti mishoni yomweyo ya Blantyre inaphunzitsanso anthu mpaka Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911, kuti Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, komanso kuti Buku Lopatulika la 1922 linadya zaka zambiri za William Murray ndi anzake, Amalawi ali m'gulumo. Mbiri ikuikira kumbuyo mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake mkangano sukutha.

Ndikuuzeni mmene Sande sukulu imayendera m'mipingo yambiri yonga wathu, kuti muone pamene pakuthina. Ana onse, kuyambira wa zaka 3 mpaka wa Sitandade 8, amakhala pansi pa mtengo umodzi wa mango ndi mphunzitsi mmodzi. Iye amauzidwa mutu wa phunziro m'mawa womwewo. Aang'ono amalira, akuluakulu amatopa, ndiye mphunzitsi amangoyambitsa kolasi mpaka nthawi ithe. Mvula ikagwa, sukulu yafa. Kaundula palibe, choncho mwana akasowa milungu 4 palibe wozindikira. Akafika pa kalasi, katekisimu amaloweza mokoma ngati nyimbo, koma mukamufunsa tanthauzo la yankho lomwe wanena amangoyang'ana pansi. Akalowa mpingo n'kudya mgonero koyamba, zatha, palibenso womutsata. Ambiri timawataya pamenepa, pakati pa kulowa mpingo ndi ukwati. Zolembedwa pa Oweruza 2:10, za mbadwo umene unauka wosadziwa Yehova, zimayambira pansi pa mtengo wa mango ngati umenewu.

Dongosolo lathu tinalikonza motere. Ana agawidwe patatu: zaka 3 mpaka 6, zaka 7 mpaka 10, ndi zaka 11 mpaka 14. Gulu lililonse lisapitirire ana 25, likhale ndi aphunzitsi awiri, kuti wina akapita kumaliro phunziro lisaime, komanso kuti munthu wamkulu asamakhale yekha ndi ana. Pa milaga 6 ndiye kuti aphunzitsi osachepera 36. Azikumana Loweruka loyamba la mwezi ndi abusa kukonzera limodzi maphunziro a mwezi wonse, ndipo kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Ogasiti ana akatsekera, pazikhala maphunziro ogonera a masiku atatu. Gulu lililonse likhale ndi kaundula, bolodi, choko ndi Mabaibulo 5 osungidwa m'bokosi lokhoma (akamapita nawo kunyumba sabwerera, kapena amabwerera Chivumbulutso chitathothoka). Wolowa mpingo aliyense apatsidwe mkulu wampingo kapena mayi wachigwirizano woti aziyenda naye zaka ziwiri. Chotsala pa chuma chopatulidwacho chizilipirira wachinyamata mmodzi maphunziro a zaumulungu.

Papepala zikuoneka bwino. Mavuto ake ndi amene atichititsa kukulemberani.

Loyamba ndi kasungidwe. Tikagulitsa chimanga mu Juni n'kuika ndalama ku banki, timagulitsa pa nthawi imene mtengo uli pansi, ndipo ndalamayo imasungunuka ili chikhalire. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankasunga ndalama zogulira mabuku anaona okha kuti zomwe zikanadzaza katoni sizinafikenso pakamwa pake. Tikati tisunge chimangacho, pamafunika kuchiumitsa bwino, kuthira mankhwala kapena kugula matumba osalowa mpweya, kuchisanja pamatabwa kutali ndi khoma, apo ayi anankafumbwe ndi chinyezi amatha theka. Chikapulumuka, mtengo umakwera mu Januwale ndi Febuluwale, pamene akhristu omwe anapereka chija agona ndi njala. Kodi mpingo ungawagulitse chimanga chawo chomwe pa mtengo wa mavenda n'kumati ndi za ana? Nanga akabwera kudzakongola, timakana bwanji? Ngongole ya chimanga cha mpingo sibwezedwa kawirikawiri, chifukwa wokongolayo ndi mlamu wa msungichuma. Wina anati tiike ndalamazo ku banki m'khonde zizipindula, koma ena akuti chiwongoladzanja chake chikununkha katapila.

Lachiwiri ndi kusintha kwa atsogoleri. Abusa amasamuka, akulu ampingo amasankhidwa ena. Wobwera amafuna chizindikiro chake, ndipo thumba limene amayamba kubwerekako ndi la ana, poti ana sakhala pa bwalo. Taganiza zotsegula akaunti yapadera yosainira anthu atatu, mmodzi wa iwo akhale mkulu wa Sande sukulu, komanso kuti lipoti liziwerengedwa pagulu miyezi itatu iliyonse. Koma chigamulo cha bwalo chimafafanizidwa ndi bwalo lomwelo. Kodi pali njira yochimangira kuti chisamasuke ndi msonkhano umodzi, popanda kuoneka ngati tikumanga abusa manja?

Lachitatu likutipweteka kwambiri. Mphunzitsi amene waphunzitsidwa bwino ndi amene amayamba kuchoka. Mtsikana akakwatiwa kutali wapita, mnyamata akapeza ya basi ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Joni. Wopita ku zaumulungu akadzozedwa satumizidwa kwawo. A chitukuko amatifunsa kuti tizilimiranji munda woti akolole ena, ndipo kunena zoona yankho lathu silinawagwire mtima. Kumulembetsa kalata yoti atumikire zaka zingapo kukuoneka ngati kugula munthu. Kuwapatsa aphunzitsi kangachepe ka sopo kungawasunge, koma tikuopa kuti oyimba kwaya, osesa ndi oyimba belu nawonso afuna.

Ndiye tithandizeni pa izi, Alangizi. Matumba 3 pa 10 achuluka pa mpingo umene pansi pake mpadothi lozira? Kapena tiyambe ndi limodzi, tizikwera chaka ndi chaka? Chimangachi tigulitse liti, ndipo kwa yani? Ndipo nkhaniyi tiifotokoze bwanji kwa akhristu amene akufuna kuona dzina lawo pa benchi, osawanyoza, poti nawonso akupereka mwa chikondi? Bwalo likhala masika asanayambe, ndipo likuyembekeza kuti tibwere ndi mfundo imodzi.

Ine,
Mkulu wampingo wothedwa nzeru