Kalata kwa mnzanga amene waleka kupempha

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu yafika, ndipo ndathokoza Mulungu pomva kuti inu, alamu ndi ana muli bwino. Kuno tilipo. Amayi anu ayambanso kuyenda okha popanda ndodo, ndipo achemwali anu achira mwana wamwamuna, koma izi munazimva kale, choncho sindichulutsa gaga m'diwa. Chimene chandisowetsa tulo ndi mizere iwiri ija mwailemba kumunsi kwenikweni kwa pepala, m'zilembo zing'onozing'ono zimene mumalemba mukafuna kuti munthu awerenge koma asafunse. Kuyambira kale khalidwe lanu ndi lomweli, nkhani yaikulu mumaiika pamalo pamene ena amaikapo moni wotsanzika.

Mwalemba kuti popeza ntchito ija simunaipeze, ngakhale munasala kudya ndi kupemphera kwa nthawi yaitali, tsopano simupemphanso kanthu. Mumangogwada, n'kunena kuti kufuna kwa Mulungu kuchitidwe, n'kudzuka. Kenako mwandifunsa ngati kumeneku sikukhwima m'chikhulupiriro. Ndiyankha mosabisa mawu, chifukwa mukudziwa kuti ndimakukondani. Ine ndikuona ngati mwanyanyala, monga amachitira mwana amene bambo ake amumana chinthu, iye n'kunena kuti sakufunanso kalikonse, atakhala pomwepo koma atafulatira. Mawu amene mukunena pogwadapo ndi oyera, koma ndikuopa kuti mukuwagwiritsa ntchito potseka chitseko, ndipo mantha amenewa andikulira mumtima mpaka ndikulephera kuganiza za china.

Tsegulani Mateyu 26 kuyambira pa ndime 36, muwerenge mofatsa ngati simunawerengepo. Ku Getsemane Yesu anayamba wauza Petro ndi ana awiri a Zebedayo kuti mtima wake wadzazidwa ndi chisoni chofa nacho. Atatero anapita patsogolo pang'ono, nagwa nkhope yake pansi, napempha mosazungulira kuti ngati n'kotheka chikho chija cha masautso chimupitirire. Chofuna chake anachitchula poyera pamaso pa Atate, ndipo mawu akuti si monga ndifuna Ine koma monga mufuna Inu anadza pambuyo pa pempholo. Sanapemphere kamodzi kokha. Mateyu akutiuza kuti anabwerera katatu, ndipo mukayerekeza ndime 39 ndi ndime 42 muona kuti pempherolo likusuntha: poyamba akupempha kuti chikho chichoke, kachiwiri akuti ngati sichingachoke osachimwa, kufuna kwa Atate kuchitidwe. Luka, pa 22:43 ndi 44, akuwonjezera kuti mngelo anadza kudzamulimbikitsa, ndipo thukuta lake linali ngati madontho a magazi akugwera pansi. Mngeloyo sanachotse chikho, achimwene. Anangomupatsa mphamvu zoti achimwe. Kugonja kwa Ambuye kunabadwa mkati mwa kulimbana koteroko, pamene inu mukufuna kufika pa ndime 42 musanadutse pa ndime 39. Munthu amene wabisa chofuna chake alibe choti apereke kwa Mulungu, chifukwa akuchisungabe m'thumba.

Davide nayenso anachita chimodzimodzi pa 2 Samueli 12. Mwana wake atadwala, iye anasala kudya, nagona pansi usiku wonse, ndipo akuluakulu a m'nyumba mwake atayesa kumudzutsa anakana. Mwanayo anamwalira tsiku lachisanu ndi chiwiri. Antchito anaopa ngakhale kumuuza, koma Davide ataona akunong'onezana anazindikira yekha, nadzuka, nasamba, nasintha zovala, nakalowa m'nyumba ya Yehova kukapembedza. Pamene mpata unalipo anapempha ndi mtima wake wonse, ndipo yankho litabwera losiyana ndi pempho lake anabwerera kwa Mulungu yemweyo. Ndikufunsani, kodi chifikireni uthenga wa ntchito ija mwamuuzapo Mulungu kuti zakupwetekani? Mwandiuza ine, amene sindingachitepo kanthu, koma kwa Iye mukulankhula ngati mlendo waulemu amene safuna kuvutitsa eni nyumba.

Pano ndiloleni ndidandauleko za munthu uja anakuuzani kuti ntchitoyo yalephereka chifukwa chikhulupiriro chanu n'chochepa. Mawu amenewo andikwiyitsa kwambiri, mwina kuposa mmene anakukwiyitsirani inuyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndiwo anayambitsa zonsezi. Masiku ano pali kapempheredwe kolamula Mulungu, kokweza mawu, komuwerengera masiku oti ayankhire, ngati kuti pemphero ndi njira yomupindira mkono. Anthu otere akapanda kulandira amafunafuna wolakwa, ndipo kawirikawiri wolakwayo amakhala munthu wosweka kale mtima. Kodi Paulo anali ndi chikhulupiriro chochepa? Pa 2 Akorinto 12 akunena kuti anapempha Ambuye katatu kuti amuchotsere munga m'thupi, ndipo yankho linali lakuti chisomo chao chimukwanira. Mungawo unatsala. Yakobo ndi Yohane, pa Marko 10, anapempha molimba mtima mipando ya kudzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo Yesu anawauza kuti sakudziwa chimene akupempha. Kulimba mtima anali nako kokwanira, chimene chinasowa ndi kudziwa kumene njirayo inkapita. Munthu ujayo ndikanakonda akanawerenga ndime zimenezi asanatsegule pakamwa, komanso ndikanakonda inuyo mukanandilembera tsiku lomwelo mmalo mosunga mawu akewo miyezi yonseyi.

Mukukumbukira nkhani ya Monica, mayi wa Augustine, uja anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa mpingo wakale? M'chaka cha 383 mwana wakeyo anafuna kuchoka ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa, kupita ku Roma, ndipo mayiyo, poopa kuti akatayikiratu kumeneko, anamutsatira mpaka kunyanja akulira ndi kupempha Mulungu kuti asapite. Augustine anamunamiza mayi wake, nakwera chombo usiku. Pempho la usiku umenewo silinayankhidwe monga Monica anafunira. Koma ulendo womwewo ndi umene unamufikitsa ku Milan, kumene anamva maulaliki a Ambrose, bishopu wa mzindawo, nabatizidwa m'chaka cha 387. Augustine mwini anadzazindikira pambuyo pake kuti Mulungu anakana chimene mayi wake anapempha tsiku limenelo kuti amupatse chimene ankapempha masiku onse. Komabe sindikufuna kuti mutenge nkhaniyi ngati lonjezo lakuti mudzaona chifukwa chimene ntchito ija inakudutsirani, pakuti sindine mneneri, ndipo si onse amene amaonetsedwa. Mose anachonderera kuti awoloke Yordano, ndipo pa Deuteronomo 3 Yehova anamuuza kuti asanenenso za nkhaniyo. Dzikolo analiona ndi maso ali pamwamba pa Pisiga, osapondamo. Pambuyo pake anapitirizabe ntchito yake, nalimbikitsa Yoswa amene anatenga malo amene iye ankawalakalaka. Kumvera kotereku n'kowawa, ndipo ndikakhala ndikukuuzani kuti n'kosavuta ndingakhale ndikukunamizani.

Tsopano ndifike pa chimene chikundilemera koposa. Kufuna kwa Mulungu kuli mbali ina imene Iye sanatiululire, monga za ntchito, za matenda ndi za tsiku la imfa, ndipo pamenepo timapempha n'kusiya m'manja mwake. Koma kulinso mbali ina imene inalembedwa poyera, yosafuna maloto kapena masomphenya kuti munthu aidziwe. Mateyu 5:23 ndi 24 akuti ngati wabwera ndi mtulo wako kuguwa, n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Mng'ono wanu mpaka lero simunamuyankhe. Ndinakumana naye, ndipo atangomva dzina lanu anawerama, nayamba kupotokola chipewa chake m'manja, osanena kanthu kwa kanthawi, kenako anangofunsa ngati ana akukula bwino. Ndikudziwa kuti anakulakwirani, ndipo sindikuchepetsa mlanduwo. Koma taonani mmene zakhalira: pa nkhani ya ntchito, imene simungaisinthe, mukuti kufuna kwa Mulungu kuchitidwe, pa nkhani ya mng'ono wanu, imene kufuna kwa Mulungu kukudziwika bwino lomwe ndipo kukudikira inu, mwakhala chete. M'Pemphero la Ambuye timati kufuna kwanu kuchitidwe monga kumwamba chomwecho pansi pano, ndipo patangopita mizere iwiri timapempha kuti atikhululukire monga ifenso tikhululukira amene atilakwira. Amene ayenera kuchita kufunako pansi pano ndi ife amene tikupempherafe. Yesu atamaliza kupemphera m'munda muja sanakhale pansi kudikira. Anadzutsa ophunzira ake nawauza kuti anyamuke azipita, nakakumana ndi womupereka uja.

Choncho pempho langa ndi ili. Usiku uno musafulumire kudzuka. Muuzeni Mulungu kuti ntchitoyo munkaifuna, kuti mukuifunabe, kuti mukuchita manyazi pamaso pa alamu ndi ana, ndiponso kuti mawu a munthu uja akukubayanibe. Ngati mawu asowa, Aroma 8:26 akuti Mzimu amatithandiza m'kufooka kwathu, popeza sitidziwa kupempha monga tiyenera. Mukatha kunena zonsezo, pamenepo nenani mawu aja a ku Getsemane, ndipo mawa lake mulembere mng'ono wanu, ngakhale mizere itatu yokha, m'zilembo zazikulu zoti aziwerenge osavutika.

Ndinafuna kulembanso za Hana, chifukwa nkhani yake ili ndi mbali imene sitiilankhula kawirikawiri: iye analandira chimene anapempha, kenako mwanayo atangoleka kuyamwa anamutenga yekha kukamusiya kwa Eli ku Silo, zimene zikundiganizitsa kuti ngakhale mukanaipeza ntchito ija, funso lomweli likanakupezanibe, mwina movuta kuposa pano, pakuti chinthu chikakhala kale m'manja... Koma dzanja latopa ndipo pepala latha. Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze zoona. Mupereke moni kwa alamu.

Ine mnzanu.